Zotsatira za chisankho cha ku Croydon zitiphunzitse kuponya voti

Akonzi,

Ndalemba kalatayi chifukwa cha zomwe zatuluka pa chisankho cha makhonsolo cha pa 5 May 2022 kuno ku Croydon, kummwera kwa mzinda wa London.

Aka kanali koyamba kuti anthu a m'dera lino asankhe okha meya. Wapambana ndi a Jason Perry a chipani cha Conservative, omwe aposa mayi Val Shawcross a Labour ndi mavoti 589 okha. M'khonsolo namo, pa mipando 70, Labour yapeza 34, Conservative 33, Green iwiri, Liberal Democrats umodzi. Palibe chipani chomwe chidapeza mipando yoposa theka pa chisankhochi.

Ine sindikudabwa kuti Labour yalangidwa. Mu November 2020, khonsoloyi ili m'manja mwawo, idalengeza kuti ndalama zatha, mwa zina chifukwa cha ngongole zomwe idathira mu kampani yake yomanga nyumba ya Brick by Brick. Amene adamva kuwawa ndi okalamba, ana osowa chithandizo ndi mabanja okhala m'nyumba za khonsolo.

Chondipweteka mtima n'chakuti ambiri sadapite kukavota. Abale anga Amalawi, popeza dziko lathu lili mu Commonwealth, amene tili ndi chilolezo chokhala kuno tili ndi ufulu wovota ngati talembetsa. Msonkho wa khonsolo timalipira mwezi ndi mwezi. Ndikupempha mipingo yathu ndi magulu athu a pa WhatsApp ayambe kukumbutsana za kulembetsa, ndiponso tizipita kumisonkhano ya makhansala athu kukafunsa a meya momwe abwezere ngongolezo.

Wowerenga wanu,
Croydon, London