Kalata ya Bambo Mfumu: amene anamanga tchalitchi chathu

Okondedwa akhristu nonse a parishi yathu, mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Lamulungu lapitali, ndili pakati pa ulaliki wa Misa yachiwiri, ndinaona pazenera anthu ambiri ataima panja padzuwa, amayi ena atayala zitenje pansi pa mtengo wa mango. Titatuluka ndinamva wina akudandaula kuti alendo atilanda mabenchi. Mawu amenewo ndiwo andilembetsa kalata ino.

Ansembe a White Fathers pamene ankakhazikitsa mishoni ya Likuni mu 1903, kuno kumene tikukhala kunali minda, madambo ndi midzi yotalikirana. Zinthu zinasintha boma litasamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Kunabwera akalaliki a ku Capital Hill, amisiri omanga nyumba, ogwira ntchito m'mafakitale a fodya ku Kanengo, ena ochokera ku Karonga, ena ku Nsanje, ena ku Mulanje ndi ku Dedza. Ambiri ankati angogwira ntchito zaka zowerengeka kenaka abwerere kwawo. Ana awo ndi inu amene mukuwerenga kalatayi.

Nthawi imeneyo dayosizi ya Lilongwe inali m'manja mwa Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi mu 1972. Iwowa ankalimbikira kuti mpingo uyambire pamene anthu akukhala, m'miphakati, akhristu aziyenderana, kupemphera limodzi ndi kudzisamalira okha osadikira thandizo la kunja. Parishi yathu ndi mwana wa maganizo amenewo. Inayambira pabalaza la munthu, anthu atakhala pamphasa. Atachuluka anabwereka chipinda cha sukulu, katekisiti n'kumatsogolera mapemphero, wansembe n'kumabwera mwa apo ndi apo ndi buku la Misa m'chikwama. Kenaka inafika nthawi ya njerwa. Abambo ankaumba Loweruka akaweruka kuntchito, amayi akutunga madzi, achinyamata akuchezera pa uvuni usiku wonse. Malata anagulidwa ndi mtulo komanso zopereka za anthu amene malipiro awo sankafika pakati pa mwezi. Mukayang'anitsitsa khoma la kumbuyo muona kuti mzere wa njerwa unapotoka pang'ono. Ena akhala akundiuza kuti tiupake pulasitala ubisike. Ine ndimakana, chifukwa ndi manja a makolo anu amenewo.

Kamangidwe kake nakonso kali ndi chifukwa. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, utatha, Misa inayamba kuchitika m'chinenero cha anthu, wansembe atayang'ana mpingo. N'chifukwa chake guwa lathu lili pafupi ndi anthu ndipo mabenchi analizungulira. Omangawo ankaganiza kuti amanga chachikulu kwambiri. Sankadziwa kuti Lilongwe idzakhala arkidayosizi mu 2011, ndi kuti kumene ankakazinga chimanga cha m'munda kudzadzaza nyumba za lendi.

Tsono amene aima panja aja afika mu mzinda muno monga anafikira agogo anu, ndi katundu pamutu ndi kalata ya ubatizo m'thumba. Ndikupempha atsogoleri a miphakati kuti mwezi uno muwayendere m'makomo mwawo, muwalembe m'kaundula, ndipo amene ali ndi mawu abwino muwaperekeze ku kwaya. Pamsonkhano wa khonsolo ya parishi tidzakambirana zowonjezera Misa ina, ndiponso za malo oti tiyambitsepo nthambi kumene nyumba zatsopano zachulukira.

Pempho lina ndi la achinyamata. Agogo amene anaumba njerwa zija atsala ochepa. Chaka chino chokha taperekeza angapo kumanda. Pitani mukakhale nawo pakhonde, muwafunse, mulembe zimene akuuzeni. Amene muli ndi zithunzi zakale m'masutikesi bweretsani ku ofesi ya parishi, tizijambula n'kukubwezerani tsiku lomwelo.

Mundikumbukire m'mapemphero anu, monga nanenso ndimakukumbukirani pa guwa.

Ine wanu mwa Khristu,
Bambo Mfumu