Lipoti la nthumwi: msonkhano wa okonza mapulogalamu pa za mafomu otsatira kukula kwa windo

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse, munatituma anthu awiri ku msonkhano wa okonza mapulogalamu a pakompyuta umene unachitika Loweruka lapitali kuno ku Blantyre. Tabwera nazo. Za m'mawa zinali za kasungidwe ka deta, ndipo sitichedwapo chifukwa ambiri a ife timazichita kale. Gawo la masana ndi limene likutikhudza, poti ndi dandaulo lomwe eni masitolo a ku Limbe ndi alembi a m'masukulu amabwera nalo kawirikawiri: munthu akakuza windo, mabatani onse amaunjikana pakona ya kumanzere ndipo theka la sikirini limangokhala pululu. Akaichepetsa, batani losungira limasowa.

Gwero la vutoli ndi loti tikamakoka batani n'kuliika pafomu, imene ndi windo ya pulogalamu yokhala ndi mabatani ndi mabokosi, chomwe chimasungidwa ndi manambala anayi okha: mtunda kuchokera kumanzere, mtunda kuchokera pamwamba, mulifupi ndi msinkhu. Fomu ya ma pixel (timadontho ta sikirini) 800 kwa 500 yokhala ndi batani pa 700 kuchokera kumanzere ikakuzidwa kufika pa 1366, batanilo limakhalabe pa 700, pakati penipeni pa windo. Palibe chaphwanyika. Pulogalamu ikuchita zomwe tinaiuza. Choncho mfundo imene onse oyankhula anabwererako ndi yoti tisiye kuwerengera malo pamanja, m'malo mwake chinthu chilichonse pafomu tichipatse lamulo la chomwe chichite windo ikasintha. Musanakhudze khodi, tengani pepala mugawe zinthuzo patatu: chimene chikule, chimene chisunthe osakula, ndi chimene chikhale pomwepo. Pafomu yogulitsira katundu, chokula chimakhala chimodzi basi, tebulo la katundu. Mabatani amasuntha. Malembo a mayina a mabokosi amakhala.

Ambiri a ife tili pa Windows Forms, chida cha Microsoft chokonzera mafomu, ndiye apa tichedwapo. Chida choyamba ndi Anchor, chimene chimamangirira chinthu ku mbali za fomu. Mukangoika batani, limakhala lomangiriridwa ku Top ndi Left, n'chifukwa chake zonse zimathawira pakona ija. Batani la Sungani ndi la Lekani lipatseni Bottom ndi Right, lidzasunga mtunda wake kuchokera pansi ndi kumanja. Bokosi lolembamo dzina lipatseni Top, Left ndi Right kuti litambasuke m'mbali mokha. Tebulo lipatseni mbali zonse zinayi. Mukachotsa Left ndi Right zonse ziwiri, chinthucho sichikula koma chimasuntha theka la kukula kumene fomu yawonjezera, ndipo iyi ndi njira yosavuta yosungira chinthu pakati.

Pali msampha umene anatiwonetsa pa pulojekita, ndipo anthu anaseka chifukwa aliyense anaudziwa. Mabokosi awiri ogundizana, la dzina ndi la mudzi, onse mwawapatsa Left ndi Right. Fomu ikakula ndi 400, bokosi lakumanzere limakula ndi 400 yonseyo, pamene lakumanja silinasunthe poyambira pake, ndiye loyambalo limakwera pamwamba pa linzake. Anchor sadziwa kugawa malo pakati pa zinthu ziwiri. Yogawa ndi TableLayoutPanel, panelo yogawidwa m'mizere ndi makolamu: ikani makolamu anayi, awiri a malembo akhale AutoSize (kukula molingana ndi zamkati mwake), awiri a mabokosi akhale Percent, 50 aliyense, kenako bokosi lililonse mulimangirire Left ndi Right mkati mwa chipinda chake. Mizere nayo chimodzimodzi, yonse AutoSize kupatula umodzi wa tebulo, umene ukhale 100 Percent. Ife tikuwona kuti fomu iliyonse yokhala ndi mabokosi opitirira asanu iziyambira pamenepa, osati pa Anchor yekha.

Chida chachiwiri ndi Dock, chimene chimamata chinthu ku mbali yonse ya fomu: panelo ya mabatani pamwamba, mzere wa mauthenga pansi, tebulo Fill (kudzaza malo onse otsala) pakati. Chosokoneza ndi dongosolo. Windows Forms imayamba kupereka malo kwa chinthu chimene chili kumbuyo kwenikweni, n'kumabwera kutsogolo. Tebulo la Fill likakhala kumbuyo, limatenga fomu yonse, kenako panelo ya pamwamba imadzakhala pamutu pake n'kubisa mayina a makolamu ndi mzere woyamba. Anthu amataya tsiku lonse akusintha Height. Mankhwala ake ndi kudina tebulo ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Bring to Front, kapena kutsegula Document Outline mu Visual Studio n'kuliika pamwamba pa mndandanda. Dziwaninso kuti Anchor ndi Dock sizigwira pamodzi pa chinthu chimodzi. Mukaika china, chinzake chimafufutika.

Tebulo lenilenilo, DataGridView, likhoza kukula koma makolamu ake n'kukhalabe opanikizana, kumanja kuli mbuu. Ikani AutoSizeColumnsMode pa Fill. Kolamu iliyonse imayamba ndi FillWeight ya 100, kutanthauza kuti zonse zimagawana mofanana, zomwe sizithandiza: dzina la katundu lipatseni 300, kuchuluka 60, mtengo 100. Musaiwale MinimumWidth pa kolamu ya ndalama. Mitengo yathu ya makwacha imakhala ndi manambala ambiri, ndipo K1,250,000.00 ikadulidwa kumapeto pakauntala, mkangano ndi kasitomala sunachedwe.

Tsopano za njira imene ambiri tinaitengera kwa anzathu, yolemba khodi mu Resize (gawo limene limaitanidwa windo ikasintha kukula) yochulukitsa malo a chinthu chilichonse ndi mlingo wa kukula kwa fomu. Oyankhula anaitsutsa, ndipo tikugwirizana nawo. Choyamba, malo ndi manambala athunthu, ndiye mukamawerengera kuchokera pa kukula kwa pakali pano, kachidutswa kamatayika ulendo uliwonse. Resize imaitanidwa kambirimbiri pamene munthu akukoka kona, ndipo pakatha kukoka kangapo mabatani amakhala atasiyana mizere. Chachiwiri, windo ikatsitsidwa pansi ndi Minimize, mkati mwa fomu mumatsala 0, zonse zimachulukitsidwa ndi 0, ndipo ikabwerera khodi imagawa ndi 0. Chachitatu, batani lotalika ngati chitseko silithandiza aliyense. Wokuza windo akufuna kuwona mizere yambiri ya katundu, osati zilembo zazikulu. Ngati palibe kuchitira mwina, sungani miyeso yoyambirira kamodzi fomu ikamatseguka ndipo muziwerengera kuchokera pa imeneyo, tulukani msanga WindowState ikakhala Minimized, kutirani zosinthazo pakati pa SuspendLayout ndi ResumeLayout, ndipo ntchito yolemera monga kuwerenganso deta isakhale mu Resize. ResizeEnd, imene imaitanidwa munthu akamaliza kukoka, ndi yabwinoko, koma kumbukirani kuti siitanidwa munthu akadina Maximize.

Amene akusamalirabe mapulogalamu a Visual Basic 6, amene anatuluka mu 1998 koma akadali m'maofesi ena m'tauni muno, alibe Anchor, ndiye Form_Resize ndi njira yokhayo. Miyeso yake ndi ma twip, 1440 pa inchi imodzi, kapena 15 pa pixel imodzi sikirini ikakhala pa 96 DPI (madontho pa inchi imodzi). Gwiritsani ntchito ScaleWidth ndi ScaleHeight, osati Width ndi Height, poti zomalizazi zimawerengera ndi mphepete mwa windo. Mulifupi ukatsika pansi pa 0 pulogalamu imagwa ndi Run-time error 380. A Microsoft Access ali pabwino, Anchoring ilimo kuyambira mu Access 2007.

Zida zina tingodutsamo, poti ganizo ndi lomwelo. Mu WPF gwiritsani ntchito Grid, mizere ya Auto ndi umodzi wa nyenyezi (*), umene umatenga malo otsala. Canvas siisintha kanthu, ndipo mndandanda woikidwa mu StackPanel yoimirira sutulutsa chotsetserekera chifukwa StackPanel imauuza kuti malo opita pansi alibe malire. Mu Tkinter ya Python pafunika zinthu ziwiri pamodzi, weight=1 pa columnconfigure ndi rowconfigure, komanso sticky="nsew" pa chinthucho. Chimodzi chikasowa, palibe chitambasuke. Mu Java Swing, weightx ya GridBagLayout imayamba pa 0, n'chifukwa chake zonse zimaunjikana pakati, ndipo setLayout(null) ndi matenda omwe aja a malo owerengera pamanja. Mu Qt, mukaiwala kuika layout pa windo yaikulu, zamkati zonse zidzaima chilili ngakhale zili ndi layout zawo.

Mbali imene inatiphunzitsa zambiri ndi ya kuchepa, osati kukula. Timakonzera pa sikirini yaikulu ya 1920 kwa 1080, koma makasitomala athu ambiri ali ndi malaputopu akaunjika a 1366 kwa 768. Onjezani kuti Windows imalola munthu kukuza zilembo: 100% ndi 96 DPI, 125% ndi 120, 150% ndi 144, ndipo 200% ndi 192. Laputopu ya 768 ikaikidwa pa 125%, monga achikulire ambiri ovutika maso amachitira, msinkhu wotsalira fomu ndi ngati 614 basi, musanachotse taskbar. Ngakhale ya 1080 pa 150% imatsala ndi 720. Fomu ya msinkhu wa 700 pamenepo ndiye kuti mabatani apansi ali kunja. Tikupempha gulu livomereze kuti MinimumSize ya mafomu athu isapitirire 1000 kwa 550, ndipo fomu imene singapanikizike chotero ikhale ndi AutoScroll kapena igawidwe m'matabu.

Pulogalamu imene sinauze Windows kuti imadziwa za DPI imangokokedwa ngati chithunzi, zilembo n'kuoneka zachimbuuzi. Njira youzira Windows zimenezi yotchedwa PerMonitorV2, imene inabwera ndi Windows 10 mtundu wa 1703 mu 2017, imalola fomu kudzikonza yokha ikasamutsidwa kuchoka pa laputopu kupita pa sikirini ina. Mu .NET Framework 4.7 kupita m'tsogolo imaikidwa mu app.config, ndipo mu .NET yatsopano ndi Application.SetHighDpiMode. Mafomu onse a pulogalamu imodzi akhale ndi AutoScaleMode yofanana. Ndipo anthu awiri akamagwira fomu imodzi, onse atsegule designer (pojambulira fomu mu Visual Studio) sikirini ili pa 100%, apo ayi manambala a mufayilo amasinthika mwakachetechete aliyense akasunga.

Ife tinafunsa za Chichewa, poti ena mwa inu mukumasulira mafomu. Batani loyezedwa pa mawu oti Print silikwana Sindikizani, ndipo Save ndi lalifupi kuposa Sungani. Yankho linali AutoSize pa batani lililonse, mabataniwo aikidwe mu FlowLayoutPanel ya RightToLeft yomatidwa pansi, kuti limodzi likatalika anzake asunthe okha. Pa nkhani yoti mafomu ang'onoang'ono, monga olowera ndi pasiwedi, azikula kapena ayi, anthu anasiyana maganizo. Ife tikuti asakule: FormBorderStyle pa FixedDialog, MaximizeBox pa False, nkhani yatha.

Kuyesa kwake n'kwa mphindi zisanu pa fomu iliyonse. Kokani kona mpaka pochepetsetsa, dinani Maximize, tsitsani pansi n'kubwezeretsa, dinani batani la Windows ndi muvi wakumanzere kuti windo itenge theka la sikirini, kenako sinthani Scale pa 125% ndi 150% n'kutsegulanso pulogalamu. Pa kukumana kwathu kotsatira, aliyense abwere ndi fomu imodzi imene ikuvuta, ndipo a Mlembi atithandize kupeza laputopu imodzi ya 1366 kwa 768 yoyeserapo. Tiyamba ndi fomu ya malisiti.