Lipoti la msonkhano wa mabuku a ana aulumali pa Boma

A Tcheya ndi makolo anzanga a gulu lathu la ku Limbuli, ndabwerako bwino ku Mulanje Boma kumene munandituma Lachinayi lija.

Mphunzitsi wina amene anachita maphunziro ake ku Montfort, ku Nguludi, anatiyendetsera buku la braille, zilembo zimene osaona amawerenga popapasa ndi zala, kuti aliyense aligwire. Ine ndinkayesa kabuku wamba. Ayi ndithu, buku limodzi la ana oona limasanduka mabuku angapo okhuthala, osakwana m'kajumbo ka mwana. Ndinatsinzina n'kupapasa, koma chala changa chozolowera kuthyola tiyi sichinamve kanthu, timadontho tokhatokha. Chilembo chilichonse chimapangidwa kuchokera pa timadontho 6 basi. Anatichenjeza kuti bukulo likanyowa kapena mukalisanjikiza katundu, timadonthoto timafafanizika. Ndiye ndi mvula yathu ino, tisamaliike pansi pa mphasa, tiziliimika pouma.

Chimene ndinali ndisanachimvetse n'chakuti si mwana aliyense wovutika maso amene amafunika braille. Ana athu achialubino ambiri amaona pang'ono. Iwowa amafuna zilembo zikuluzikulu, galasi lokulitsa zilembo ndi kukhala kutsogolo, pafupi ndi bolodi. A MANEB amasindikiza mayeso m'braille komanso m'zilembo zikuluzikulu, koma ahedi ayenera kunena za mwanayo polembetsa. Tisamadikire tsiku la mayeso kuti tikadandaule.

Anatchulanso pangano la mayiko la ku Marrakesh la 2013, limene Malawi analowamo mu 2017. Limalola kusandutsa buku kukhala braille kapena mawu omvera popanda kupempha mwini wake, bola likhale la osaona kapena ena amene ulumali umawalepheretsa kuwerenga zosindikiza. Chovuta ndi mapepala ndi makina.

Za foni tinaseka. TalkBack, pulogalamu ya pa foni yowerengera osaona mokweza, imawerenga bwino Chingerezi, koma Chichewa imachita kuchipotokola, osamveka. Maganizo anga ndi akuti tipemphe achinyamata athu omaliza Fomu 4 aziwerenga mabuku a kupulayimale mokweza, tizijambula pa foni n'kuika pa memori khadi. Izi sizifuna kudikira bungwe.

Chimodzi chinandiwawa: womasulira chinenero chamanja anafika titadya kale nkhomaliro, moti amayi awiri osamva anangokhala m'mawa wonse kuyang'ana milomo ya anthu. Ndinadandaula pamaso pa onse.

Loweruka aliyense abwere ndi dzina la mwana, kalasi yake ndi vuto lake, tikapereke kwa ahedi. Chenji ya thiransipoti ndasiya kwa amayi msungichuma.