Ophunzira za malaibulale ayambe potifoliyo pa teremu yoyamba

Akonzi,

Ndiloleni ndipereke maganizo anga pa nkhani ya potifoliyo imene ophunzira a digiri ya kayendetsedwe ka malaibulale amapereka akamamaliza maphunziro awo, imene ndi mtolo wa ntchito zawo zoonetsa luso limene aphunzira. Kusukulu zina, monga San José State University ku California, wophunzira atha kusankha potifoliyo ya pa intaneti m'malo mwa kulemba kafukufuku wamtali, ndipo amayenera kupereka umboni wa luso lililonse limene sukuluyo imafuna kuti akhale nalo. Ganizo limeneli ndi labwino kwambiri, koma chimene chimandipweteka mtima, monga munthu amene wawerengapo mapotifoliyo otere, n'chakuti ambiri amasonkhanitsidwa mothamanga m'mwezi womaliza, wophunzira ataiwala kale chifukwa chimene anachitira ntchito zimene akuzionetsazo.

Nditenge chitsanzo cha kupereka manambala ku mabuku, chifukwa apa ndi pamene nzeru za munthu zimaonekera poyera. Dongosolo la Dewey, limene Melvil Dewey analitulutsa mu 1876, limaika za zomera pa 580, za mankhwala ndi chipatala pa 610, ndipo za ulimi pa 630. Tsono buku lofotokoza zomera zochiritsa ndi kalimidwe kake lipite kuti? Wophunzira amene wangolemba nambala n'kuika pepalalo mu potifoliyo sanationetse kanthu, pakuti nambalayo akanatha kuikopera m'katalogi (mndandanda wa mabuku) ya laibulale ina. Koma amene wafotokoza kuti anatsegula bukulo, anaona gawo limene latenga masamba ambiri, anaganizira anthu amene adzalifunafuna pa shelefu, kenako anasankha 610 ndi kuwonjezera mitu ina m'katalogi kuti mlimi nayenso alipeze, ameneyo wasonyeza kuti ntchito akuidziwa. Maganizo oterewa sakumbukika pakapita zaka ziwiri, ayenera kulembedwa sabata yomweyo ntchito ikadali m'mutu.

N'chimodzimodzinso ndi rekodi ya MARC, njira yolembera zofotokoza buku m'katalogi ya pa kompyuta imene Henriette Avram anatsogolera kukonza ku Library of Congress, laibulale ya nyumba ya malamulo ya ku America, m'zaka za m'ma 1960, kapena malamulo olembera katalogi otchedwa RDA amene anatuluka mu 2010 kudzalowa m'malo mwa malamulo akale otchedwa AACR2. Rekodi yosalala imasangalatsa maso, komabe ine ndimakhulupirira kwambiri wophunzira amene waika rekodi yake yoyamba yokhala ndi zolakwa pambali pa yokonzedwa, n'kunena mosabisa pamene anaphonya ndiponso lamulo limene linamuwongola. Ophunzira ambiri amaopa kuchita zimenezi poganiza kuti ataya malikisi, ndipo mantha amenewa aphunzitsi ndi amene ayenera kuwachotsa.

Palinso nkhani ya chinsinsi imene sindingaisiye. Pofuna kusonyeza kuti anathandiza owerenga pa nthawi yophunzira ntchito, ophunzira ena amaika makalata a imelo kapena zithunzi zoonetsa mayina a anthu ndi mabuku amene anabwereka. Malamulo a khalidwe la ogwira ntchito m'malaibulale, amene bungwe la American Library Association linayamba kuwatsata mu 1939, amatsindika kuti zimene munthu wawerenga kapena kufunsa ndi chinsinsi chake. Potifoliyo yoswa lamulo limeneli ikudzitsutsa yokha, ngakhale itakongola bwanji, ndipo poti mapotifoliyo ambiri masiku ano amakhala pa intaneti, dzina likangotuluka n'kovuta kulibweza.

Za kukongoletsa masamba sindinenapo zambiri. Bola zinthu zikhale zosanjidwa bwino, mafayilo akhale ndi mayina omveka ndiponso maulalo atseguke, pakuti zingakhale zomvetsa chisoni kuti wophunzira kusanja uthenga alephere kusanja ntchito yake yomwe.

Pempho langa kwa oyendetsa maphunzirowa ndi lakuti apereke mndandanda wa maluso ofunikawo pa sabata yoyamba, alamule kuti ntchito iliyonse yaikulu iziperekedwa pamodzi ndi ndime imodzi yofotokoza zimene wophunzira anasankha ndi chifukwa chake, ndiponso kuti mlangizi aziona potifoliyoyo pakutha kwa teremu iliyonse, nthawi yodzaza mipata imene yapezeka ikadalipo.

Ine wanu,
Wogwira ntchito mulaibulale