Kalata kwa mnzanga wa ku Leeds, za chenjezo limene mwana wake analandira pa Roblox

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko ngakhale kukuzizira. Kuno ku Zomba mvula ikugwa bwino, chimanga chafika m'chiuno.

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndinaumvera mpaka kumapeto, ndipo ndaona kuti nkhaniyi siyoyankha ndi mawu awiri. Unati mnyamata wako wa zaka 10 analandira chenjezo pa Roblox, gemu ija ya pa intaneti, chifukwa cha mawu amene analembera mnzake atagonja, ndiye iwe unamulanda tabuleti kwa mwezi wathunthu. Mkwiyo wako ndikuumvetsa. Mwana akatukwana anthu amaloza makolo, ndipo iwe unamulera bwino. Koma mweziwo ndikuuona kuti watalika, ndipo chimene chikundisowetsa mtendere n'chimene mwanayo angaphunzirepo: kuti chilichonse chochitika m'gemumo ayenera kukubisira.

Ganizira kaye mmene chenjezolo limabwerera. Mu 2025 anthu osewera Roblox tsiku lililonse anapitirira 100 miliyoni, ambiri mwa iwo ana. Palibe gulu la anthu limene lingawerenge macheza onsewo, choncho ntchito yoyamba imagwiridwa ndi makompyuta. Mwana akalemba mawu oipa, anzake amangoona tizizindikiro ta ####. Kwa ana osakwana zaka 13 sefayo ndi yothina kwambiri, moti imabisanso zinthu ngati nambala ya foni ndi adiresi. Mawuwo akapitirira malire, kapena wina akakanena, ndi pamene chenjezo limafika. Limatchula mlandu wake, kawirikawiri limaonetsanso mawu amene analembedwa, ndipo mwana amavomera malamulo asanalowenso. Akabwereza amatsekeredwa tsiku limodzi, masiku atatu kapena sabata, mpaka akaunti kufufutidwa. Ukaona kuti analakwiridwa, pali mwayi wochita apilo pasanathe masiku 30.

Ndiye funso langa ndi ili: chenjezolo unaliwerenga pamodzi naye? Unamufunsa kuti zinayamba bwanji? Kompyuta imagwira mawu, koma sidziwa ngati mwanayo anakhala akunyozedwa kwa sabata asanapse mtima. Mwina anayamba ndiye, mwina ayi. Njira zonse ziwiri ayenera kupepesa ndi kudziwa kuti kuseri kwa kachidole ka m'gemu kaja kuli mwana mnzake wa mtima ngati wake. Koma amene angadziwe chiyambi cha mkanganowo ndi iwe wekha, ndipo ungachidziwe pokhapokha iye atakuuza.

Tsopano chimene ndikuopa kwenikweni. Wamkulu wofuna kunyengerera mwana satukwana. Amalemba mwaulemu, amamuyamikira kuti amasewera bwino, amamulonjeza ma Robux (ndalama za m'gemumo) aulere, kenako amati tiyeni tikachezere ku Discord kapena ku Snapchat, kumene sefa ya gemuyo sifika. Munthu wotere amatha kudutsa popanda chenjezo lililonse. Galu wa pakhomo amauwa mlendo waphokoso, koma amene wakhala akumuponyera nsima amamugwedezera mchira. Tsiku limene mwana wako adzalandire uthenga womusokoneza maganizo, ndikufuna adzathamangire kwa iwe. Ngati akudziwa kuti kutchula vuto la m'gemu kumatanthauza mwezi wopanda tabuleti, adzangokhala chete, ndipo onyengererawo amadalira kukhala chete kumeneko.

Usaganize kuti ndikukulitsa nkhani. Dziko la Turkey linatseka Roblox mu Ogasiti 2024 ponena za chitetezo cha ana. Mu Ogasiti 2025 boma la chigawo cha Louisiana ku America linasumira kampaniyo pa nkhani yomweyo. Kumene uliko kuli lamulo la Online Safety Act la 2023, ndipo kuyambira Julayi 2025 bungwe la Ofcom, loyang'anira za intaneti ku UK, likukakamiza makampani kutsatira malamulo oteteza ana. Kampani ya Roblox nayo yakhala ikusintha zinthu. Mu Novembala 2024 inaletsa ana osakwana zaka 13 kutumizirana mauthenga achinsinsi kunja kwa magemu, n'kupatsa makolo mwayi wolumikiza akaunti yawo ndi ya mwana. Kuyambira Januwale 2026 aliyense wofuna kucheza amayenera kutsimikizira msinkhu wake, ambiri kudzera pa kamera imene imayerekeza zaka poyang'ana nkhope, kuti azicheza ndi a msinkhu woyandikana nawo. Zimenezi ndikuziyamikira, ngakhale kamera ikhoza kulakwitsa, ndipo ine sindimasuka kwenikweni ndi zoti nkhope za ana zizijambulidwa.

Kumuletsa Roblox yekha sikuthetsa kanthu, chifukwa mawa adzakhala pa magemu ena ngati Fortnite kapena Minecraft kunyumba kwa mnzake. Kumenekonso kuli njira zake: Minecraft inayambitsa zonenera macheza oipa mu 2022, ndipo Fortnite kuyambira 2023 imalola wosewera kutumiza mphindi zisanu zomaliza za zolankhulidwa ngati umboni. Konseko munthu ayenera kudina batani lonenera, ndipo mwana amene sanaphunzitsidwepo salidina.

Ndikanakhala iwe ndikanamubwezera tabuletiyo Loweruka lino. Khala naye pampando, umuuze akuphunzitse gemu imene amaikonda. Ana amasangalala kwambiri akakhala aphunzitsi a makolo awo, ndipo m'menemo uona mndandanda wa anzake. Umufunse mmodzimmodzi kuti uyu ndani, munadziwana kuti. Lumikiza akaunti yako ndi yake, uonetsetse kuti chaka chobadwa chimene chinalembedwa ndi choona, chifukwa ana ambiri amadziwonjezera zaka ndipo chitetezo chonse chija chimadalira msinkhu. Umuonetse pamene pali batani lonenera ndi lotsekera munthu. Tabuleti izigona pabalaza, osati kuchipinda. Chachikulu, umulonjeze ndi pakamwa pako kuti akabwera yekha kudzakuuza za uthenga wachilendo, ngakhale atakhala kuti anauyankha kale, sudzamulanda kanthu. Lonjezo limenelo udzalisunge ngakhale tsiku limene mtima udzakuwawe.

Ndikudziwa kuti mashifiti ausiku akukutopetsa ndipo kumeneko kulibe azakhali kapena agogo oti n'kukuyang'anirako ana. Ngati zingathandize, ndiimbire pa vidiyo Lamlungu madzulo ndicheze naye pang'ono. Zina ana amamasuka kuuza mnzawo wa amayi awo kusiyana ndi amayi awo enieni.

Amayi ako ndinawaona kutchalitchi, ali bwino ndithu, akungodandaula mwendo uja. Upereke moni kwa abambo akunyumba ndi ana onse. Undiuze mmene zithere Lowerukalo.

Ndine mnzako,
wa ku Zomba