Malo odyera apamwamba akonze kaye kukhitchini

Akonzi,

Tiloleni tilankhulepo za malo odyera apamwamba amene akuchuluka m'matauni ang'onoang'ono a kunyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. Nsalu zoyera patebulo ndi mayunifomu a operekera zakudya n'zabwino ndithu, koma ndalama yochuluka imene munthu amalipira iyenera kuonekera m'mbale, makamaka pa chambo, poti ndicho ambiri amalowera pamalowa.

Vuto limayambira pa mndandanda wa zakudya. Lesitilanti ya m'tauni yaing'ono imadzadza Loweruka ndi Lamlungu, koma pakati pa sabata matebulo ambiri amangokhala opanda anthu. Mwini wake akalemba mitundu 40 ya zakudya, ndiye kuti zambiri zikugona mufiriji kwa masabata. Magetsi akathima kwa maola angapo popanda jenereta, nsomba imasungunuka, kenako n'kuumanso akayaka. Mnofu wake umatuluka madzi, umafumbutuka poudula ndipo kukoma kumakhala kutapita. Mitundu 8 kapena 10 yogulidwa tsiku lomwelo ndi yokwanira.

Wogula ali ndi ufulu wopempha kuti aone nsombayo isanaphikidwe. Chambo chatsopano chimakhala ndi maso owala otukuka, m'mbali mwa mutu momwe chimapumira mumakhala mofiira, ndipo mukadina mnofu ndi chala dzenje limabwerera msanga. Maso akalowa m'kati n'kuchita mbuu, chikaneni. Funsaninso ngati ndi cha m'nyanja kapena choweta. Makumba oweta m'madamu ndi nsomba yabwino, koma auzidwe wogula kuti ndi makumba, asamulipiritse ngati chambo cha m'nyanja. Funsoli ndi lofunika kwambiri kumapeto kwa chaka, pamene boma limaletsa makoka kuti nsomba ziswane. Kasawala, ana a chambo, asapezeke n'komwe m'mbale ya malo odzilemekeza.

Kuotcha kwake sikovuta. Chambo cha theka la kilogalamu chichekedwe mizere itatu mbali iliyonse mpaka pafupa, chipakidwe mchere, adyo ndi mandimu, chiikidwe pa makala amene asiya kulilima. Mphindi 8 mpaka 10 mbali iliyonse zimakwana, ndipo chitembenuzidwe kamodzi kokha kuti khungu lisamatirire pa waya. Chapsa ngati mnofu wa pamsana ukusiyana ndi fupa mosavuta. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi changu: wophika amachotsa nsomba youma gwa mufiriji n'kuiponya m'mafuta otentha, kunja n'kupserera pamene pafupa padakali magazi. Ena amaisungunula padzuwa kapena m'madzi ofunda, zomwe zimangochulukitsa tizilombo. Isungunulidwe mufiriji wamba usiku wonse, kutentha kwa mufirijimo kusapitirire madigiri 5.

Mafuta akada n'kuyamba thovu atayidwe, chifukwa tchipisi chimamveka fungo la nsomba ya dzulo. Mpunga wa Kilombero usakhale pamtunda kupitirira maola awiri utaphikidwa. Nsima ndiye iphikidwe munthu akaitanitsa. Yofunditsa m'kontena kuyambira m'mawa imachita thukuta ndi chikhakha pamwamba, ndipo Mmalawi aliyense amaizindikira akangoitema.

Pa saladi tisachite chibwana. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a kunyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Kabichi, tomato ndi anyezi odya osaphika azitsukidwa ndi madzi othira kolorini kapena owiritsa, ndipo thabwa lodulira nsomba yaiwisi lisakhale lomwelo lodulira masamba. Madzi oundana oika m'zakumwa nawonso achokere ku madzi otetezedwa.

Kwa odya, imbani foni kukadali ola limodzi kapena awiri, munene kuti muli angati komanso mudzadya chiyani. Mukangotulukira, musadabwe kudikira mphindi 40, pakuti chambo chobwera patebulo m'mphindi 5 ndi chongotenthetsa. Musanaitanitse, funsani ngati mtengo wolembedwawo ukuphatikiza msonkho wa VAT, ndipo polipira tengani lisiti.

Tikupempha alangizi a zaumoyo a m'makhonsolo kuti akamayendera malowa asamangothera pa setifiketi yopachikidwa pakhoma. Azitsegula mafiriji, ayeze kuzizira kwake, aone tsiku limene nsomba inalowa ndiponso afunse chimene chimachitika magetsi akathima usiku.

Ife ophika zakudya,
Mangochi