Musatseke usiku wa makanema afupiafupi

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndidandaule. Mwana wanga wamkazi ali chaka chachitatu pa yunivesite ina, ndipo mwezi wathawu anandiitanira ku holo yawo yoonetsera kanema. Anati, "Bambo, bwerani mudzaone zimene anzanga amapanga."

Usiku umenewo anaonetsa makanema asanu ndi awiri, onse ojambulidwa ndi achinyamata opanda kampani yowathandiza, ndalama zake zam'thumba. Wina mwa makanemawo sanandichoke m'mutu mpaka lero. Anali wa mphindi zinayi zokha, wopanda munthu wolankhula. Kamera inangolunjika pa manja a gogo wina akuchapa malaya achimuna. Phokoso la madzi linayamba kumveka kudakali mdima, ndiye chithunzi chitabwera phokoso lija linazima. Manja aja ankachapa, kufinya, kuviikanso, koma malayawo anali oyera kale. Magetsi atayaka, mnyamata amene anajambula anaima kutsogolo, mawu akunjenjemera, n'kutiuza kuti malayawo anali a malemu agogo ake aamuna. Mayi wina kumbuyo kwanga anamufunsa chifukwa chimene anazimitsira phokoso. Anakambirana nthawi yotalika kuposa kanemayo.

Ndikanamupeza pa foni kanema ameneyu, chala chikanamudutsa masekondi khumi asanathe. Mu holo munalibe kothawira. Mdima unandikhazika pansi mpaka ndinaona chimene mwanayo ankafuna ndione.

Tsopano ndamva kuti akuluakulu a pasukulupo akufuna kuthetsa usiku umenewu, ati kumabwera anthu ochepa. Inde tinali ochepa. Koma abwera bwanji anthu pamene chidziwitso chinamatidwa dzulo lake, pakhoma limodzi lokha? Sipika ya kumanzere inkalira ngati yang'ambika, ndipo pulojekita inazima kawiri. Ana aja anakonza okha, wina akuwalitsa ndi foni.

Akuluakuluwa akumbukire kuti kanema anayamba ali wamfupi. Pa 28 December 1895, abale awiri a banja la Lumière anaonetsa anthu olipira makanema khumi ku Paris, aliyense wosapitirira mphindi imodzi. Mpaka pano mphoto zotchuka za makanema za Oscar, za ku America, zili ndi gawo la makanema a mphindi 40 kapena kucheperapo. Koma chimene ndikufuna amvetsetse ndi cha ku Clermont-Ferrand, ku France. Mu 1979 kalabu ya kanema ya pa yunivesite ya kumeneko inakonza sabata yoonetsa makanema afupiafupi. Sabata imeneyo ndiyo inakula n'kukhala chimodzi mwa zikondwerero zazikulu kwambiri za makanema otere padziko lonse. Akanawerenga mipando yopanda anthu chaka choyamba chija, bwenzi lero kulibe.

Malo oonetsera kanema a malonda sangatenge ntchito zotere, chifukwa sizibweretsa phindu, ndipo sindikuwanena. Yunivesite ndiye kwawo kwa zoyeserayesera. Wophunzira sayansi mumam'patsa labu kuti alakwitse, ayesenso. Wojambula kanema labu yake ndi holo imeneyi, ndi anthu okhala pamipando omufunsa mafunso ovuta. Kunena zoona, makanema awiri usiku uja anali osalongosoka, ndipo eni ake anauzidwa pamaso, mwaulemu. Akanamva kuti zimenezo?

Ndikupempha akuluakulu a pasukulupo akonze sipikayo, alengeze kudakali masabata awiri, ndipo atilole ife akunja tizilowa nawo. Ayese chaka chimodzi chathunthu, kenako adzawerenge mipandoyo.

Kholo lokhudzidwa